Ukwati Umene Ndinausandutsa Mlandu wa Munda

1

Dzina langa ndine Harrison, koma mukafika pa Golomoti n'kufunsa dzina limenelo anthu angokuyang'anani. Funsani za Kamwa. Aliyense akulozerani shedi ya malata kuseri kwa msika, kufupi ndi njanji. M'menemo ndi mmene ndakhala ndikunamiza anthu kwa zaka zisanu ndi zinayi, iwo n'kumandiwombera m'manja.

Ntchito yanga ndi yomasulira mafilimu. Anzanga a m'tauni amajambuliratu mawu awo pa kompyuta. Ine ayi. Ndimakhala pambali pa TV, maikolofoni m'manja, mzungu akamatsegula pakamwa ine ndayankhula kale. Sukulu ndinalekezera fomu 2 ndipo Chingerezi changa n'chotsimphina, koma nkhope ya munthu ndimaiwerenga. Akakwinya ndiye kuti mbuzi yake yabedwa. Akamwetulira ndiye kuti apongozi anyamuka.

M'khosi mwangamu muli mawu ambiri: a msilikali, a nkhalamba, a mkazi wansanje. Koma amene anandidzazira shedi ndi ena, opyapyala, okoka kumapeto: "Iiii, achimwenee, musateroo." Amenewa ndinkasungira anthu a mtundu umodzi. Mukuwadziwa. M'mafilimu ambiri amene amatifika kuno mumakhala mwamuna mmodzi woyenda modzithyola, kapena wovala diresi ndi wigi, amene ntchito yake ndi kugwera m'matope, kulandira makofi ndi kuthawa mphemvu. Ngakhale pa gemu ya nkhonya imene a kabaza amasewera m'mawa pali wina wotero, wandevu koma wopaka milomo, ndipo amamusankha dala kuti amusambitse mateche. Munthu wotero akangotulukira pa TV anthu ankayamba kuseka ine ndisanatsegule n'komwe pakamwa.

Kumene ndinawatenga mawu amenewo ndikuuzani. Koma osati pano.

2

Chaka chatha mu Okutobala kondakitala wa minibasi ina anandiponyera envulopu pa windo.

"Kamwa, katundu wako!"

"Wachokera kwa ndani?"

"Ine ndimanyamula, sindifunsa."

M'katimo munali fulashi ndi kapepala ka mawu anayi: "Magawo 30. Muonetse onse."

Munthu wanzeru akanayamba waonera yekha. Ine ndinangoilowetsa pamaso pa anthu. Inali filimu yamagawo, ya Chisipanishi, yokhala ndi mawu a Chingerezi m'munsi. Nkhani yake inali ya amuna awiri, makaniko wandevu ndi namwino wamtali. Makaniko ndinamutcha Joe, namwino ndinamutcha Mayeso. Gawo loyamba anakumana ku galaja. Gawo lachiwiri anadyera limodzi n'kumayang'anana nthawi yaitali, ine ndinati akukambirana bizinesi ya matayala.

Gawo lachitatu linali Lachitatu masana, shedi itadzaza. Awiriwo anaima pa mlatho, mvula ikugwa. Joe anagwira nkhope ya Mayeso ndi manja onse awiri n'kumupsompsona pakamwa. Sikunali kongogunda. Anakhalitsa.

M'shedi wina anagwetsa chinangwa chimene ankadya.

Ndinafunafuna mawu anga opyapyala aja, koma sanakwanire pa aliyense wa iwo. Panalibe wa wigi, panalibe wogwa m'matope. Makanikoyo anali ndi mikono yoti akhoza kunyamula injini yekha.

A Ezekiele, mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi amene ankakonda benchi ya kutsogolo, anakhosomola.

"Kamwa, n'chiyani chimenechi?"

Pakamwa panga panayankha mutu usanaganize. Ndinakweza mawu a Joe molira: "Mayeso, m'bale wanga! Ndakupeza! Nkhondo inatisiyanitsa tili makanda!" Kenako ndinatembenukira kwa anthu ngati mphunzitsi. "Kwawoko abale akapezana amayamba anunkhizana m'kamwa, kuti atsimikize ngati anayamwadi bere limodzi."

"Oooooh," shedi yonse inavomera.

Fagness, mayi wogulitsa mandasi pakhomo, anapukuta misozi ndi chitenje. "Ana amasiye, kalanga ine."

Anthu atatuluka ndinadula katoni ya sopo, n'kuimata ndi selotepi m'munsi mwa TV kuti ibise mawu a Chingerezi aja. Ofunsa ndinkawauza kuti pamenepo panapsa ndi mphezi.

3

Filimuyo ndinaipatsa dzina lakuti Bere Limodzi, ndipo mbiri yake inayenda kuposa sitima. Anthu ankachokera ku Mtakataka pa njinga. Asodzi ankasiya maukonde osasoka. Azimayi amene sanapondepo m'shedi anayamba kubwera ndi mipando yawo.

Tsiku lililonse linkafuna bodza latsopano. Joe ndi Mayeso atagona bedi limodzi, ndinati kwawoko nyumba n'zosowa. Atasamba limodzi, ndinati mjigo wawo unafa ndiye akusunga madzi. Mayeso atakwiya chifukwa mwamuna wina wamwetulira Joe, ndinati ameneyo ndi msuweni wofuna kulanda katundu wa malemu bambo awo. Kugwirana manja kokha ndi kumene sikunandivute, poti kuno amuna timagwirana manja tsiku ndi tsiku.

Pa gawo lachisanu ndi chimodzi ndinakweza maso n'kuona chimene sindinalotepo. Amayi anga, a Bernadeta, akutsika pa kabaza. Iwo amakhala kufupi ndi Mua, ndi wapampando wa mphakati, ndipo shedi yanga ankaitcha khomo la Satana. Analowa, nakhala kutsogolo, kolona m'manja.

"Amayi, mwasochera?"

"Yatsa."

Kuyambira tsiku limenelo sanajombe. Sankaseka, sankalira, sankafunsa. Ankangoyang'ana TV, kenako n'kundiyang'ana ine. Ndinkatuluka thukuta mpaka maikolofoni kuterereka.

Ndiye kunachitika za a Ezekiele. Iwo anali ndi mng'ono wawo, a Onani, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi sankayankhulana chifukwa cha malire a munda wa mpunga. Tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, a Ezekiele anaima kutsogolo kwa benchi ya tomato ya a Onani, navula chipewa n'kuchiponya pansi.

"Onani! Ine ndi iwe tinayamwa bere limodzi!"

A Onani anaimirira. "Achimwene, tsimikizani."

Ndipo nkhalamba ziwirizo zinagwirana nkhope n'kupsompsonana pakamwa, pakati pa msika, monga zinaonera pa mlatho paja. A Onani ali ndi mano anayi okha. Azimayi anaimba nthungululu, ogulitsa nsomba anawomba m'manja, ndipo Lamulungu lake m'busa wa katchalitchi kena analalikira za chikondi cha Joe ndi Mayeso, n'kufunsa mpingo kuti, "Inu m'bale wanu munamununkhiza liti?"

Apa m'pamene ndinayenera kuleka. Koma shedi inkadzaza mpaka ena kukhala pa zenera.

4

Gawo la 24 linafika mu Novembala, kutentha koti malata ankalira okha. Tsiku limenelo kunabweranso munthu watsopano, Madamu Ireen, mphunzitsi wa Chingerezi ku sekondale, amene anatopa ndi kumva ana ake akukamba za Bere Limodzi m'kalasi.

Gawo litayamba mtima wanga unagwa. Maluwa paliponse. Mipando m'mizere. Joe mu suti yakuda, Mayeso mu suti yoyera, ndipo kutsogolo kwawo mzimayi wa magalasi atagwira buku.

"Lero ndi tsiku la mlandu wa munda," ndinalengeza. "Amenewo ndi a majisitireti."

"Khoti lake lokongola bwanji," anatero Fagness.

Mzimayi wa magalasi anayang'ana Joe, ine ndinamuyankhulira: "Iwe Joe, kodi ukuvomera kuti munda wa kudambo ukhale wa nonse awiri, pa chilala ndi pa zokolola, mpaka imfa idzakulekanitseni?"

"Ndikuvomera."

A Ezekiele anagwira dzanja la a Onani.

Atatulutsa mphete ndinati kwawoko sabzala nkhadze m'malire, malire amavala pachala. Gogo wina atayamba kulira pa mpando wa kutsogolo ndinati ameneyo ndiye waluza mlandu. Keke ya nsanjika zitatu itatulukira ndinati ndi chindapusa.

Zikanatheka. Ndikulumbira, zikanatheka. Koma kutentha kunasungunula selotepi. Katoni ya sopo inapendekeka, inalendewera pang'ono, kenako inagwa pansi kuti phwa.

Mphunzitsi sangaone chiganizo osachiwerenga. Madamu Ireen anakonza magalasi awo, nawerenga mokweza, akumasulira mwaulemu ngati ali m'kalasi: "Tsopano ndinu banja. Mwamuna ndi mwamuna wake. Mukhoza kupsompsonana."

Pa TV anapsompsonana. M'shedi palibe anapuma.

A Ezekiele anasiya dzanja la a Onani pang'onopang'ono, nakweza lawo kupita pakamwa.

"Madamu, tabwerezani."

Madamu anabwereza.

"Mathanyula!" wina anakuwa kumbuyo, ndipo mabenchi anagubuduzika. A Onani anasolola pampu ya njinga. Wina anati aitane apolisi, wina anati apolisi achedwa, pabwere petulo. A Ezekiele ankalavula m'chipewa chawo chomwe akufuula kuti, "Pamsika! Pamaso pa akazi anga!" Ine ndinalowa pansi pa tebulo, maikolofoni idakali yoyaka, moti shedi yonse inamva ndikuitana Mariya Woyera pa sipika.

Pamenepo amayi anaimirira. Ndi aafupi, koma anaima kutsogolo kwa TV ngati chitseko.

"Wa petuloyo ayambe kuthira ine."

Phokoso linatsika.

"Inu a Ezekiele, za munda munagwirizana kapena simunagwirizane?"

"Tinagwirizana, koma..."

"Ndiye pitani mukalime. Mvula ili pafupi."

Anthu anatuluka akung'ung'udza, ena akulavula pakhomo. Amayi anazula fulashi ija ngati munthu wozolowera, naimanga pa nsonga ya chitenje, nawerama kundiyang'ana pansi pa tebulo.

"Iwe, tuluka. Tiye kunyumba."

5

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Amayi anatenga lichero la mtedza n'kuyamba kusenda. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa pampu ya a Onani.

"Amayi, ine sindimadziwa kuti filimuyo..."

"Unadziwa pa mlatho paja. Ine ndabereka ana asanu, Harrison. Abale sanunkhizana m'kamwa."

"Ndiye munkabweranji tsiku lililonse?"

"Envulopu ija kondakitala anapatsidwa ndi ine."

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikuzengereza.

Ndili ndi mng'ono wanga, Feston, telala. Kuyambira ali mwana amayankhula mofatsa, mokoka mawu. Ndikamamumenya tili ana, chifukwa chokana mpira kapena chifukwa chosewera ndi asungwana, ankaphimba mutu n'kumati, "Achimwene, musatero." Mawu aja amene anandidzazira shedi ndi ake. Ndinangowapyapyalitsa pang'ono.

Kwa zaka zambiri ankamva n'kungokhala chete. Koma zaka zinayi zapitazo, tsiku lina anthu akuseka mpaka kugwa pa mabenchi, pa TV pali mwamuna wa diresi akuthamangitsidwa ndi galu, kuseka kwawoko kunandiledzeretsa. Munthu wa diresiyo ndinamutcha Feston. Mwini dzina anali pa benchi yachitatu, pambali pa mnzake Ali, wokonza mainjini a maboti kunyanja. Ndipo ine ndinkadziwa za awiriwo, chifukwa ndinali nditawerenga mauthenga m'foni ya mng'ono wanga.

Shedi yonse inatembenuka kuwayang'ana.

Sabata isanathe, msika wonse unkamuitana ndi mawu aja. Azimayi anakatenga nsalu zawo zosasokedwa. Kenako amuna ena anamudikirira m'mbali mwa njanji, namuthyola zala ziwiri za dzanja lamanja. Telala. Atachira anakwera minibasi kupita ku tauni ina imene sindiitchula pano, Ali anamutsatira, ndipo ine ndinauza aliyense kuti wapita kukafuna ntchito. Ndinabwereza mpaka nanenso ndinakhulupirira.

"Maulendo aja ndinkati ndikupita kukapimitsa maso," anatero amayi, "maso angawa alibe vuto. Ndinkapita kwa iye. Ulendo womaliza anandipatsa kanthu aka, akuti, 'Amayi, ine kufotokoza sindingathe, onerani iyi. Ndipo muwapatse achimwene, tione ngati ulendo uno angamasulire zoona.' Ndiye ine ndinkakhala kutsogolo kuja kudikira kuti ndimve mmene unganenere za mng'ono wako."

Anasiya kusenda.

"Mlandu wa munda!"

Anaseka mpaka lichero kupendekeka, mtedza kumwazika. Kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo sindinadziwe pamene kunasinthira.

"Ine zonsezi sindizimvetsa," anatero akupukuta m'maso. "Ndimapemphera, ndimafunsa, yankho sindinalipeze. Koma zala zimene anathyola zija ndinaziwerenga ndine tsiku limene anabadwa."

6

Loweruka lake ndinakwera minibasi. Nyumba yake inali ya zipinda ziwiri, makina osokera ali pakhonde. Feston ankasoka yunifolomu ya sukulu, akukankha nsalu ndi zala zitatu, ziwiri zopindika zija zitaima pambali. Anandiyang'ana osaimitsa phazi.

"Achimwene. Mwanenepa."

Mawu onse amene ndinakonza m'minibasi anathawa. Munthu amene ndimayankhulira azungu, Amwenye ndi Matchaina, ndinangoima ngati chitsa. Ali anatuluka m'nyumba atagwira chipande, nandipatsa moni, natilowetsa.

"Ndabwera kudzapepesa," ndinatero titakhala.

"Nenani mawu aja," anatero Feston.

"Ati?"

"Anga aja. Tsiku lija anthu ankasokosa, sindinawamve bwino."

"Feston, usatero."

"Ayi, si choncho. Nenani mmene mumanenera."

Ndinapyapyalitsa khosi, ndinanena. "Iiii, achimwenee, musateroo."

M'shedi mawu amenewo ankagwetsa anthu pa mabenchi. M'chipinda cha anthu atatu palibe anaseka. Chimene chinamveka ndi mwana akupempha kuti asamenyedwe. Zaka zonsezi ndinali ndisanawamvepo popanda kuseka pamwamba pake.

"Mawu munatenga enieni," anatero Feston. "Chimene ndinkapempha ndi chimene simunamasulire."

Kenako Ali anakanda kumutu.

"Alamu, pepani, ndifunse. Zoona kuti a Ezekiele ndi a Onani anachita zija pamsika?"

"Zoona."

"A Onani a mano anayi aja?"

"Omwewo. Anachita kunena kuti, 'Achimwene, tsimikizani.'"

Feston anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kutsetsereka pa mpando, akumenya pansi ndi dzanja lake labwino. Ali anathawira kukhitchini akutsokomola. Atakhala bwino, mng'ono wanga anandikankhira mbale ya mpunga ndi usipa.

"Pokhululuka sindinafike, achimwene. Koma idyani."

Ndinadya.

7

Shedi sinapse, koma anthu anachepa, ndipo ena mpaka lero sandipatsa moni. A Ezekiele ndi a Onani akulimabe munda limodzi, kungoti akamayenda pamsewu amasiya mpata woti ngolo n'kudutsa pakati pawo.

Patapita milungu itatu, Lachitatu lina masana, Fagness analowa ndi azimayi asanu ndi mmodzi, Madamu Ireen ali pakati pawo, amayi anga kumbuyo akumasula nsonga ya chitenje. Anatseka chitseko n'kutsamiritsa benchi.

"Magawo otsala aja," anatero Fagness. "Sikuti tikugwirizana nazo ayi. Tikungofuna tidziwe amene afe."

"Ndani wati wina afa?"

"Anthu otere m'filimu amafa. Kapena matenda, kapena galimoto. Yatsa. Koma iwe khala chete, awerenge ndi Madamu."

Tinaonera masiku atatu. Palibe anafa. Joe anatsegula galaja yake, Mayeso anadwala dzino n'kuchira. Gawo lomaliza lonse anakangana za amene anasiya chitseko chosatseka mpaka galu kudya nyama ya alendo, kenako anatsuka mbale, filimu n'kutha.

Fagness anakhala kukamwa yasa.

"Basi? Ngati ine ndi bambo a Tawonga?" Anayang'ana anzake mokhumudwa. "Ndiye petulo uja tinkafunira anthu okangana za galu?"

Anatenga beseni lake la mandasi natuluka akupukusa mutu.

Inu amene mukuwerenga, ine si wansembe kapena woweruza, ndipo sindinalembe izi kuti ndikuuzeni choti mukhulupirire. Nanenso pali zambiri zimene sindinazimvetse. Chimene ndikudziwa ndi ntchito yanga. Kwa anthu ambiri kuno, munthu wa mtundu wa mng'ono wanga amayamba kumuona pa TV kapena pa gemu asanadziwe kuti amakhala naye mpanda umodzi, ndipo mmene amuonera pamenepo ndi mmene amakamugwirira m'mbali mwa njanji. Amene anathyola zala za Feston sindikuwadziwa maina, koma ndikudziwa kumene anaphunzira kuti iye ndi choseketsa. Tsiku lina mukadzaseka munthu wa wigi akugwera m'matope, mudzatembenuke pang'ono muone amene sakuseka pa benchi panu.

Feston sanapondebe pa Golomoti. Amayi akuti Khirisimasi ino abwereka mipando iwiri yowonjezera, ndipo auza kale azilongo anga kuti amene sakufuna adyere kwawo. Sindikudziwa ngati awiriwo abwera, ndipo akabwera sindikudziwa ngati msika udzawasiya adutse mwamtendere. Ine ndidzakhala pa siteji kuyambira m'mawa. Chikwama ndidzanyamula ndine, ndipo tidzadutsa pakati pa msika, osati kuseri.